Mlamu, mverani izi musanabwere ndi ana ku Chembe

Eee, mlamu, mwaswera bwanji kumeneko? Mameseji anu ndawaona onse, kungoti ndinali panyanja kuyambira m'mamawa, ndipo foni ndimaisiya kumtunda. Ndiye ndati m'malo molemba ndingolankhula, chifukwa zoti ndikuuzeni zachuluka. Muwatsegulirenso achemwali amve, ndi ana omwe, makamaka wamkuluyo.

Poyamba za kavidiyo mwanditumizira kaja, ka phanga la madzi obiriwira mbee, anthu akuyandama m'katimo. Kameneko ndi kunja, mlamu, kunyanja ya mchere. Kuno kwathu phanga lalikulu lotero musaliyembekezere ayi. Zomwe tili nazo ndi miyala ikuluikulu, ina ngati nyumba, yotsamirana, ndiye pakati pake pamatsala mpata, pena ngati khonde, pena ngati kaphanga ndithu. Dzuwa likalowa cha m'mbali madzi amawala m'katimo, tinsomba ta mbuna tili piringupiringu. N'zokongola, ana sadzaiwala. Koma pamenepo ndi pomwe ndikufuna mundimvetsetse, chifukwa... ayi, dikirani, ndiyambe ndi za ulendo kaye.

Mukadzera ku Dedza n'kutsika Khwekhwerere mpaka Golomoti, kapena mudzere ku Salima, zonse n'chimodzimodzi, mukhotere kumanzere musanalowe mu Monkey Bay. Kuchokera pamphambano pamenepo ndi makilomita ngati 18 kufika ku Chembe, kuno ku Cape Maclear. Mumsewumo muli anyani, ana asawaponyere chakudya, ndipo magalasi a galimoto akhale otseka mukaima. Fikani madzulo, mugone, tinyamuke m'mawa. M'mawa, mlamu. Osati 11 koloko. Nthawi zambiri nyanja imakhala ya bata kum'mawa, masana mphepo imadzuka. Ikakhala mwera, ija ya nyengo yozizira, kapena mpoto, ine ndikanena kuti lero sitipita, ndiye kuti sitipita. Mudzakwiya, ana adzalira, koma boti silidzanyamuka.

Tidzapita ku chilumba cha Thumbi, chija chimaonekera pagombe pomwe, ndi boti la injini sipatenga nthawi. Malo onsewa ali mu Lake Malawi National Park, ndiye pali ndalama yolipira kwa a zamapaki, musadabwe nazo. Pakiyi anaikhazikitsa mu 1980, ndipo mu 1984 a UNESCO anaiika m'gulu la malo ofunika padziko lonse, chifukwa cha tinsomba timeneti. Mamita 100 kuchokera m'mbali mwa chilumba saloleza kuwedza, n'chifukwa chake mbuna zakumeneko siziopa munthu, zimabwera mpaka pagalasi la kumaso. Za buluu, zachikasu, zamizeremizere. Ana adzaona zikudya ndere pamiyala. Mukaona ina masaya atatupa, musaganize kuti ikudwala, ndi yaikazi imeneyo, yasunga mazira kapena tiana m'kamwa. Mbedza musatenge, ndipo palibe kutola kanthu, ngakhale kamwala.

Tsopano zida. Pali mask, galasi lija lophimba maso ndi mphuno, pali paipi yopumira, ija timati snorkel, ndi life jacket, jekete ija yoyandamitsa munthu pamadzi. Nsapato zazitali zija za kumapazi ana ongoyamba kumene sindiwapatsa, amangomenyana nazo kumaso.

Life jacket aliyense avala. Aliyense. Ndamva mwati wamkuluyo anasambirapo ku Durban, amadziwa. Chabwino, koma madzi a mchere amamunyamula munthu, athu ano alibe mchere, thupi limalemera. Amene anazolowera kunyanja ya mchere akafika kuno amadabwa miyendo ikumira yokha. Ndipo pa Thumbi palibe mchenga woti uponde ukatopa, mwala ukatha ndi pakuya nthawi yomweyo. Ya mwana wamng'onoyo ili ndi lamba wodutsa pakati pa miyendo, ameneyo amangidwe, apo ayi jeketeyo imakwera n'kufika m'makutu, mwana n'kutsalira pansi pake.

Mask. Musanamange lamba, iikeni kumaso chonchi, kokani mpweya ndi mphuno pang'ono, chotsani manja. Ikakakamira yokha ndiye kuti yakukwanani. Ikagwa, tisinthe. Tsitsi lisalowe pansi pa labala, ngakhale kamodzi kokha, madzi amatsata pomwepo. Achemwali ngati aluka tsitsi, alimange kumbuyo, lamba adutse pamwamba pa makutu. Inu ndi ndevu zanu za pamlomozo mupake Vaseline pang'ono, kapena mumete basi. Ndipo musamange kwambiri, anthu amaganiza kuti kukoka lamba mpaka maso kutuluka ndiye kuti madzi salowa, pamene ndi pomwe labala imapindika n'kuyamba kudontha. Kuti galasi lisachite nthunzi, lavulirani malovu m'kati likadali louma, pakani ndi chala, tsukuluzani kamodzi. Ana adzaseka, achemwali adzanyansidwa, koma zimagwira ntchito.

Eya, ndiye paipi. Apa ndiye ndichedwapo, mundipirire.

Kupuma ndi pakamwa pokha. Mphuno iiwaleni, ili m'galasi, ilibe ntchito. Mumaluma timano ta labala tija pang'onopang'ono, milomo n'kutseka mozungulira, n'kumapuma modekha ngati munthu ali m'tulo. Izi aliyense amazitha pa mphindi ziwiri. Chomwe anthu sadziwa n'choti madzi adzalowa m'paipimo. Adzalowa basi, kaya ndi kafunde, kaya mwaweramitsa mutu kwambiri poyang'ana nsomba. Akalowa, musakoke mpweya. Mwamva? Musakoke. Uzirani kunja kamodzi mwamphamvu, ngati mukunena kuti "tu!" Madzi amatulukira pamwamba. Mukatero, mpweya woyamba muukoke pang'onopang'ono, lilime litakhudza kumwamba kwa m'kamwa, chifukwa mumatsala timadontho. Akakhalamobe, "tu!" kachiwiri.

Nanga ngati m'chifuwa mulibe mpweya woti muuzire? Mwana adzafunsa zimenezo, ndipo ndi funso labwino. Dzutsani mutu, lavulani paipiyo, gonani chagada. Jekete ikusungani. Pumani, tsokomolani, mukakhazikika mubwezere. Basi. Koma zimenezi zimatheka pabwalo, pomwe pamwamba panu pali thambo lokha. Pansi pa mwala n'zina.

Ndikuuzeni chomwe chinandichitikira, mwina achemwali anakuuzanipo. Papita zaka, ndinali ndi banja lina, bambo, mayi ndi mnyamata wa zaka ngati 10. Anafika mochedwa, ankafuna kubwerera tsiku lomwelo, ndiye bamboyo akuti tiyeni, tiyeni, mwanayu amasambira kusukulu. Ine ndinamvera. Sindinamuyeseze pamadzi osaya, ndinangomuveka zida m'boti, ndikumufotokozera ndi pakamwa. Tafika, mwana akusangalala, akuloza nsomba, akupuma bwinobwino. Ndiye ndinamutenga kulowa naye pansi pa mwala wina wotsamira, pomwe kuchokera pamadzi kufika pamwalapo ndi ngati mkono umodzi. Kunja kunadutsa boti, ife sitinalione. Funde lake linalowa, madzi thoo m'paipi mwake. Mwana anakoka mpweya, anatsamwa, n'kudzutsa mutu mwamphamvu. Phwa! pamwala. Anavula mask n'kuitaya, anandigwira pakhosi ndi manja onse awiri, miyendo n'kundikulunga m'chiuno. Mlamu, mwana wa zaka 10 akachita mantha m'madzi amakhala ndi mphamvu za munthu wamkulu. Tonse tinamwa madzi. Chinatipulumutsa ndi jekete yake, ndinamukoka ndi lamba wa kumsana chobwerera m'mbuyo mpaka panja. Magazi ali chuchuchu pachipumi, mayi ake akukuwa m'boti. Bala silinali lalikulu, koma mwana uja sanafunenso kukhudza madzi, ndipo kulakwa kunali kwanga. Ine ndi amene ndinkadziwa, ine ndi amene ndinalumpha sitepe imeneyo.

Ndiye kuyambira tsiku limenelo, palibe amene amakwera boti langa asanachite "tu!" pagombe. Tidzaima m'madzi ofika m'chiuno, aliyense aweramitse nkhope, ine ndidzathira madzi m'paipi mwake dala ndi dzanja. Katatu. Akatulutsa katatu osadzutsa mutu, wakhoza. Akalephera, palibe vuto, apitabe, adzaona nsomba pabwalo atagwira chubu chomwe ndimakoka ndi chingwe, koma pansi pa mwala salowa. Kaya ndi inu mlamu, kaya ndi ndani.

Ndibwereze, chifukwa ndikudziwa wina wasokonezeka. Njira ndi ziwiri. Pabwalo, madzi akalowa, mukhoza kuuzira kapena kudzutsa mutu. M'phanga, njira ndi imodzi, kuuzira, mutu uli pansi. Ndipo dzanja limodzi lizikhala pamwamba pa mutu nthawi zonse, ngati mwasenza kanthu, kuti likhale loyamba kukhudza mwala. Timalowa mmodzimmodzi, ine ndili pambali panu, ndipo mnzanga wa injini amakhala akuyang'ana maboti ena. Akaimba likhweru, tonse timatuluka. Mukafuna kubwerera musatembenuke mothamanga, kankhani mwala ndi dzanja, mubwerere chammbuyo. Ndipo palibe kumira pansi kuti mudutse mpata wina mukatulukire uko. Anyamata a kuno amachita, mudzawaona, anakulira momwemo. Inu ayi.

Kunabwera abambo ena anayi ochokera m'tauni, ndi bokosi lawo la zakumwa. Ndinawauza kuti mowa tikamwa tikabwerako. Anaseka, akuti achimwene ife tinayamba kusambira inu musanabadwe. Mmodzi anavula jekete tili pakati, akuti ikumulepheretsa kumira kuti ajambule bwino. Sipanathe mphindi zisanu, mwendo unamukoka, minofu ya katumba inauma gwa. Munthu wamkulu, wathupi, anangoti zii, osakuwa n'komwe. Anthu amaganiza kuti womira amakuwa. Ambiri sakuwa, pakamwa pamakhala potanganidwa ndi kufuna mpweya, mumangoona mutu ukutuluka n'kulowa. Tinamuponyera chubu, tinamukweza. Foni yake ili pansi pa nyanja mpaka lero. Pobwerera palibe analankhula.

Ndimati chiyani... eya, n'chifukwa chake muzikhala awiriawiri. Inu ndi wamng'onoyo, achemwali ndi wamkuluyo. Muziwerenga kupuma kasanu, n'kumuyang'ana mnzanu. Nsomba zimakopa, munthu umatsatira imodzi, podzutsa mutu boti lili kutali. Wina akatopa, akweze dzanja limodzi m'mwamba, ine ndifika. Ana muwauze kuti kugwedeza manja popereka moni kwa agogo m'boti ayi, chifukwa kwa ife chimenecho ndi chizindikiro choti munthu ali pamavuto.

Agogo abwere, asatsale. Akhala m'boti pamthunzi, ndipo madzi akakhala oyera nsomba amaziona ali momwemo. Pobwerera tidzagula usipa kwa asodzi, tikaitane nkhwazi. Timaimba likhweru, n'kuponya nsomba pamadzi, imatsika kuchokera mumtengo n'kuitola ndi zikhadabo pafupi ndi boti. Zimenezo agogo adzazikonda kuposa zonse. Koma buledi wodyetsa mbuna ine sindilola. Ena amachita kuti nsomba ziunjikane pojambula, koma chakudya chawo ndi ndere za pamiyala, ndipo popanda buledi zimabwerabe.

Miyala imaterera, musaimepo. Ndaiwala kunena. Ndere zija zili ngati sopo, mukaponda mugwa chagada. Pokwera boti gwiritsani makwerero, mmodzi akamalize kaye.

Dzuwa. Musanene kuti ife akuda sitipsa. Msana ndi kumbuyo kwa miyendo zimakhala padzuwa ola lathunthu, madzi akukunamizani kuti kukuzizira, usiku mwana osagona. Avale matisheti m'madzimo. Madzi akumwa mutenge ambiri. Kadzutsa adye wopepuka, tiyi ndi kambatata, nsima tidzadya pobwera. Ngati pali wina wa mphumu, kapena amayi aja ndi BP yawo, mundiuze lero lomwe, ndipo kamankhwala kopopera kaja kakhale m'boti, osati m'chikwama kunyumba yogona.

Za likodzo munafunsa zija, sindikubisirani, kuno lilipo. Limachokera ku nkhono za m'madzi, ndipo munthu sumva kanthu tsiku lomwelo. Mukabwerera, pakatha miyezi iwiri kapena itatu mupite nonse kuchipatala mukayezetse, muwauze kuti munasamba m'nyanja. Mankhwala ake alipo, praziquantel, amapereka motengera kulemera kwa munthu, ndiye musangogula n'kugawana ndi ana mwa inu nokha. Ena amamwa tsiku lomwe atuluka m'madzi, kumeneko n'kutaya mankhwala, tizilomboto timakhala tisanakule.

Chinanso... wamng'onoyo ali ndi zaka zingati kodi, 6 kapena 7? Mundiuze, ndi kulemera kwake ngati mukudziwa, ndimusungire jekete yomukwana, chifukwa zazing'ono ndili nazo ziwiri zokha ndipo Loweruka zimalimbiranidwa. Panopa muyambe kumuzoloweretsa kunyumba. Thirani madzi m'beseni, aike nkhope, atulutse thovu ndi pakamwa, azichita "tu! tu!" ngati masewera. Wamkuluyonso achite, asanene kuti ndi za ana.

Boti lina likufika apa, ndikathandize kukoka. Mukafika pa Golomoti mundiimbire, ndikakudikirireni pamsika.