Alamu, musatumize kaye ndalama ya galuyo

Alamu, mwaswera bwanji kumeneko? Zithunzi za agalu zija munatumiza ndaziona zonse ziwiri. Ndati ndingojambula mawu, kulemba ndiye zala zingatope. Mumvere mutakhala pansi, ndipo wogulitsa agalu wa ku Johannesburg uja musamutumizire kaye ndalama.

Wamkulu wofiirirayo ndi Rhodesian Ridgeback. Kakang'ono ka mchira wopiringizika ndi makwinya pamphumi ndi ka Basenji. Onse ndi agalu a mu Africa momwe muno, ngakhale kwathu kuno saonekaoneka. Koma inu munandiuza kuti chakufunitsani galu ndi akuba aja anakuchotserani batire m'galimoto. Ndiye tiyambire pamenepo.

Basenji sauwa, alamu. Mwandimva? Sauwa. Kwawo ndi ku nkhalango za ku Congo, ndipo alenje akumeneko amamumangirira belu m'khosi kuti adziwe komwe walowera posaka. Mawu ali nawo, akakondwa amalira ngati munthu akuyesera nthungululu, koma zoti wakuba walumpha mpanda iye n'kudzutsa nyumba yonse, iwalani. Thupi lakenso ndi laling'ono, makilo 10 kapena 11 basi. Ubwino wake ndi ukhondo: amadzinyambita ngati mphaka, sanunkha, sadya zambiri. Anthu okhala m'nyumba zapamwamba kunja amamukondera zimenezo.

Tsopano mukamaliza kumvera, mutuluke panja muzungulire mpanda wanu. Kumaso muli ndi njerwa, koma kuseri kuja, kumene kuli khola la nkhuku, ndi waya. Waya wotere Basenji amakwera ngati makwerero, ndipo akangotuluka, kumuitana ndi kutaya mate. Ndi galu wosaka, chilichonse chothamanga amachilondola. Nkhuku za achemwali zija, zija amaziwerenga madzulo aliwonse, sizingathe mwezi. Mlandu umenewo ine ndisadzaukhalire.

Ridgeback ndi nkhani ina. Malamulo a maonekedwe a mtunduwu anawalembera ku Bulawayo mu 1922, ndipo kale alenje ankapita nawo kosaka mikango. Anthu amakometsera nkhani kuti amapha mkango, ayi. Ntchito yawo inali kuuzungulira ndi kuutangwanitsa mpaka mlenje afike. Chizindikiro chake ndi mzere uja wa pamsana, ubweya woloza kumutu pamene wina wonse waloza kumchira. Sauwa chisawawa; akauwa usiku, dzukani. Mlendo samuluma msanga, amangoima pakati pa iye ndi pakhomo n'kumamuyang'ana. Kwa munthu wabwera ndi maganizo oipa, zimenezo zimakwanira.

Koma muwerengere bwino thumba lanu. Wamphongo amafika makilo 36, wamkazi 32. Mkute wa nsima yotsala dzulo sungamusunge. Ridgeback wanga uja ndimamuphikira mphika wakewake, mgaiwa wosakaniza bonya ndi zam'kati zochokera kopha ng'ombe, ndipo mwezi ukamatha ndimazimva. Mafupa a nkhuku ophika musamupatse, amasweka n'kubaya m'matumbo.

China, ali wamng'ono ndi wopusa ndi mphamvu zake. Wanga ali ndi miyezi isanu ndi iwiri anathamangira mwana wanga akuchokera kumpopi ndi ndowa pamutu, chikondi chokhachokha, mwana pansi, ndowa uko, madzi thoo. Anu ang'onowo ndi a zaka zitatu ndi zisanu, ndiye chaka choyamba musawasiye okha ndi galu pabwalo. Muphunzitseni kukhala pansi asanalandire chakudya, kuyambira tsiku lomwe wafika. Nkhuku azizione ali kamwana, inu muli pompo, mukumuletsa akangoyamba kuzinyang'amira. Ndodo ayi. Galu ameneyu ukamumenya amasunga kukhosi n'kusiya kukumvera. Tcheni cha tsiku lonsenso ayi, ndi chimene chimapangitsa agalu nkhanza. Afunika kuyenda naye tsiku lililonse, m'mawa dzuwa lisanakwere, ndipo woyenda naye akhale inuyo, osati mnyamata wantchito, apo ayi adzakhala galu wa mnyamatayo.

Tibwere pogula, apa ndiye mumvetsetse. Wogulitsayo mumuimbire pa vidiyo, akuonetseni ana agaluwo ali ndi make, akuyenda. Zithunzi zokha aliyense angazitole pa intaneti. Mufunse mapepala a KUSA, bungwe lolembetsa agalu la ku South Africa, ndi khadi la katemera. Kagalu kasachoke kwa make kasanakwane masabata asanu ndi atatu.

Pa Ridgeback pali vuto limene ena amabadwa nalo, madokotala amalitcha dermoid sinus. Ndi kanjira kochokera pakhungu kulowera m'kati, nthawi zina mpaka ku fupa la msana, ndipo kakadzadza mafinya galu amavutika koopsa. Amakafufuza chonchi: mumatsina khungu la pakhosi ndi chala chachikulu ndi chamkombaphala, n'kulikweza, n'kumalifinya pang'onopang'ono kutsika mpaka ku mchira. Mukamva ngati kachingwe kolimba pakati pa zala zanu, kagalu kameneko kasiyeni. Poti inu muli kutali, dokotala wa ziweto wa komweko apime n'kulemba kalata. Mufunsenso ngati makolo ake anawajambula m'chiuno, chifukwa agalu akuluakulu amavutika mfundo za pamenepo akamakula.

Mukaumirira Basenji, funsani ngati makolo anawayeza matenda a impso otchedwa Fanconi, alipo mayeso ake. Mudziwenso kuti wamkazi amafuna mphongo kamodzi kokha pachaka, ndiye ana ake sapezeka nthawi zonse. Munthu amene akuti ali nawo mwezi uliwonse, mumukayikire.

Galu aliyense wolowa m'dziko muno amafuna chilolezo cha ku nthambi ya boma yoona za ziweto. Mukachitenge galuyo asananyamuke, osati ali kale pa Mwanza kapena pa Dedza. Katemera wa chiwewe amabaya akakwana miyezi itatu. Wa parvo, matenda osanzitsa ndi kutsegula m'mimba, asaphonye, ndipo asanamalize majekiseni ake asapondeko kunja kwa geti, matenda aja amapha ana agalu m'masiku ochepa. Mankhwala a nkhupakupa mugulirethu, nyengo ya mvula ikubwerayi.

Ine ndikanakhala inu ndikanatenga Ridgeback wamkazi, wocheperako thupi, wosavuta kugwira achemwali akatsala okha. Koma kuseri kuja muyambe mwamanga njerwa, mpanda ufike mamita awiri. Ndipo mukambirane ndi achemwali usiku uno, poti mphika wa galuyo uzikhala pa mbaula yawo. Mukapima mpandawo munditumizire chithunzi, Loweruka ndidutsa ndi wanga uja kuti ana amuone kaye pafupi.