Zovala za Ana Athu ku Sukulu za Kuno ku Germany

Khalani pansi amayi ndi abambo, tiyiyo tizimwa tikumvetsera. Nkhani ya mwana wa mnzathu uja mwaimva. Masiku asanu ankanyamuka m'mawa chikwama kumsana, m'kalasi osafika, kumangokhala pa siteshoni ya sitima. Anzake ankamuseka nsapato. Mayi ake atadziwa anakakongola ndalama n'kugula zodula za dzina, ndipo mpaka lero akubweza. Ndiye ndinene poyambirira pomwe: musalowe m'ngongole chifukwa cha dzina lolembedwa pa nsapato.

Kuno chovala cha mwana wa sukulu chinayamba kalekale kuulula za kunyumba. Nthawi ya mfumu Wilhelm II, kuyambira 1888 mpaka 1918, dziko linatengeka ndi zombo zankhondo, moti ana a opeza bwino ankavala ngati amalinyero, malaya a kolala yaikulu yogwera kumsana. Fakitale ya Bleyle ku Stuttgart inatchuka nazo. Anyamata a ku Gymnasium, sekondale yokonzekeretsa ana kupita ku yunivesite, anali ndi zipewa zawozawo zosonyeza sukulu ndi kalasi, ukangoona mumsewu unkadziwa kuti uyu ndi wa kuti. Atsikana ankamanga epuloni pamwamba pa diresi, poti epuloni imachapika msanga ndipo madiresi anali owerengeka.

Nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha mu 1945, amayi ankasoka majasi a ana kuchokera ku mabulangete a asilikali. M'zaka za m'ma 1950 anyamata ankavala kabudula wachikopa, Lederhose, mkulu akakula n'kusiyira mng'ono. Agogo ena oyandikana nane amandisimbira za masokosi aubweya ofika m'ntchafu, oyabwa tsiku lonse. Anthu amenewa anakula ndi zosiyirana, ndipo sachita nazo manyazi. Nanga ife tikongolerenji?

Inde bambo kumbuyoko? Mwati bwanji osangoika yunifolomu ngati kwathu?

Inenso ndinafunsa zomwezo nditangofika. Kwathu yunifolomu imaphimba zambiri, mwana wa bwana ndi wa mlonda amafanana. Koma kuno ana ovala zofanana amakumbutsa anthu zowawa. Mu 1939 kulowa gulu la achinyamata a Hitler kunakhala kokakamiza, anyamata atavala malaya abulawuni. Kenako kum'mawa kwa dziko lino, nthawi ya chikomyunizimu, kunabwera gulu la Pioniere mu 1948: malaya oyera ndi kansalu ka buluu m'khosi, ndipo kuyambira 1973 okulirapo ankamanga kofiira. Sizinali za tsiku lililonse, ankavala pa misonkhano ndi zikondwerero, komabe mwana wosavala ankaonekera, ndipo funso linkapita kwa makolo. Inu munakula nthawi ya a Youth League a malaya ofiira mukundimva. Sukulu ina ku Hamburg-Sinstorf inayamba zovala zofanana mu 2000, ndipo mu 2006 nduna ya zachilungamo, Brigitte Zypries, inayankhulapo mokomera, koma silinakhale lamulo. Choncho bambo, yunifolomu tisaidikire. Udindo uli ndi ife, koma si udindo wolowera m'ngongole.

Ndidzudzuleko pang'ono. Enafe timagulira mwana zodula kuti tijambule n'kutumiza kumudzi, koma mu Januwale mwanayo akunjenjemera pabwalo la sukulu, jekete yake yopyapyala. Abale, tisiye zimenezo.

Ndaona mafoni atuluka, ndithamange. Pitani ku Flohmarkt, ndiye kaunjika wa kuno, eni dziko amagulanso komweko. Yambani ndi jekete yofunda yosalowa madzi, Matschhose (thalauza losalowa madzi ndi matope) kwa ang'onoang'ono, nsapato za m'kalasi ndi zamasewera, zonse mulembe dzina. Mwana asankhe yekha chinthu chimodzi chimene thumba likwanitsa. Akadandaula kuti akumuseka, kaonaneni ndi mphunzitsi wa kalasi sabata yomweyo, musayambire kusitolo, ndipo ngongole ayi. Amene muli ndi zovala zimene zawachepera ana, bweretsani Loweruka likudzali, tidzaziyala patebulo la pakhomopo.