Kodi munthu angakhute ndi udzu?

Zikomo a mfumu, zikomo amayi ndi abambo. Funso labwera lakuti, poti mvula ikangogwa msipu umadzaza dambo lonse pamene nkhokwe zili mbee, bwanji osaphika udzuwo? Musaseke, ndi funso labwino.

Choyamba mudziwe kuti udzu timadya kale. Chimanga ndi udzu. Mpunga, mapira, mawere, mchewere, tirigu, nzimbe ngakhale nsungwi, zonsezi ndi banja limodzi ndi tsekera wofolerera nyumba. Chimanga chinachokera ku udzu wakutchire wa ku Mexico zaka pafupifupi 9,000 zapitazo, mapira ndi mawere ndi a kuno ku Africa. Koma onani chimene timatengako: njere kapena madzi otsekemera. Tsamba ndi phesi ayi.

Chifukwa chake chili m'mimba. Tsamba la udzu linamangidwa ndi ulusi wolimba wotchedwa cellulose, ndipo thupi la munthu lilibe mankhwala ougaya. Amene munasendapo mbuzi mwachiona chifu chake, chili ndi zigawo zinayi. Chachikulu chija chooneka ngati thaulo ndi mtsuko wofululiramo: muli tizilombo tosaoneka ndi maso timene timaoletsa udzuwo. Kenaka chiweto chimabweza n'kutafunanso, kumene timati kubzikula, maola ngati 8 pa tsiku. Ng'ombe yolemera makilogalamu 300 imafuna msipu wokwana makilogalamu pafupifupi 30 tsiku lililonse. Ife chifu n'chimodzi, chaching'ono. Munthu wamkulu amafuna mphamvu ya makalori ngati 2,100 pa tsiku, ndipo ufa wa mgaiwa wokwana magalamu 600 umampatsa zimenezo. Udzu wauwisi magawo atatu mwa anayi ndi madzi, otsalawo ambiri ndi ulusi uja. Mukauwiritsa umangofewa, ulusiwo sumasanduka chakudya. Mimba imatupa, imapotokola, mwana amatsegula m'mimba kapena kudzimbidwa, thupi n'kumapitirira kutha. Komanso m'tsamba muli timchenga tosaoneka, ndi timene timakuchekani mukamamweta nsenjere. Timeneti timaperesa mano. Ndi chifukwa chake nzimbe ndi misale timatafuna, kumeza madzi, zotsalazo n'kulavula.

Nanga njere za udzu wakutchire? Zimadyeka ndithu, ndipo pa njala anthu akhala akupulula. Vuto ndi kuchepa kwake. Udzu wakutchire sukhwima pamodzi, ndipo njere ikangokhwima imayoyoka, pamene mapira amasunga njere zake pa ngala kudikira mwini munda. Mutha tsiku lathunthu padzuwa, mukapuntha, mukapeta, mwina mupeza kambale kamodzi kokha. Ngati mwafika populula, yang'anani ngala iliyonse. Ngala yomata ngati yadonthezeredwa uchi, kapena yokhala ndi tinthu takuda kapena todera m'malo mwa njere, itayeni. Amenewo ndi matenda otchedwa ergot, amagwiranso mchewere ndi mapira, ndipo amasanzitsa ndi kuchititsa chizungulire. Udzu wa m'mbali mwa munda wopoperedwa mankhwala opha udzu musauyandikire n'komwe.

Pano nditsindike, chifukwa apa ndi pamene pamafera ziweto. Mapira aang'ono, osafika m'chiuno, ndiponso mphukira zotuluka pa chitsa mutakolola, ali ndi poizoni yemwe uja wa chinangwa chowawa. Amachuluka mbewu ikafota ndi ng'amba kenaka n'kulandira mvula. Mbuzi ikadya imapuma movutika, imanjenjemera, imatha kufa ola lisanathe. Ana asatafune timapesi ta mapira aang'ono poyesa misale. Amayi opanga chimera cha mapira, poizoni yemweyo amakhala m'timizu ndi m'timphukira. Yanikani chimeracho chiume gwa, chifikiseni m'manja, mupete timizuto tichoke, ndipo thobwalo liwire mokwanira. Mphukira za nsungwi, zimene ku China ndi ku Japan ndi ndiwo, nazo zili ndi poizoniyu: amazisenda, kuzidula mopyapyala, kuziwiritsa mumphika wosavundikira ndi kutaya madziwo.

Tsono udzu wadzaza dambowu tiudye bwanji? Tiudyere m'kamwa mwa chiweto, utibwerere ngati mkaka ndi nyama. Nsenjere bzalani m'malire a munda kapena pa mgula, idulidwe ikafika mita imodzi. Ikapitirira pamenepo imasanduka mtengo, ng'ombe imangosankha masamba. Siyani chitsa chotalika ngati chikhatho kuti iphukenso, ndipo muiduledule tizidutswa totalika ngati chala. Udzu wosungira chilimwe mwetani ukangoyamba kutulutsa ngala, osadikira kuti uume wokha m'dambo, pakuti pofika Juni chakudya chake chimakhala chitatha. Uyanikeni masiku 2 kapena 3, mukuutembenuza. Poyesa, potokolani kamtolo m'manja: ngati sikatulutsa madzi ndipo kakuthetheka pang'ono, wauma. Mangani mitolo, ikani pa thandala pansi pa denga, osati padothi. Mukaunjika usanaume umatentha mkati n'kuchita nkhungu, ndipo udzu wankhungu umadwalitsa chiweto, nthawi zina n'kutayitsa bere.

Udzu wokha mkaka sumachuluka. Sakanizani ndi masangwi a mtedza kapena masamba a nandolo, gawo limodzi pa magawo atatu a udzu, muonjezere madeya pang'ono, mchere ndi madzi okwanira. Amene mulibe ng'ombe, akalulu amadya msipu womwewo, ndipo wamkazi amaswa pakangotha mwezi umodzi atakweredwa.