Kodi uyu ndi Naomi?

Mwadzuka bwanji abale ndi alongo? M'mawa uno titsegule Rute 1:19-22.

Naomi atabwerera ku Betelehemu, patatha zaka ngati khumi ali ku Mowabu, mudzi wonse unatekeseka. Amayi anayamba kufunsana kuti, "Kodi uyu ndi Naomi?" Mwiniwakeyo anati amutche Mara, poti moyo unamuwawira: anachoka ali nazo, anabwera chimanjamanja.

Naomi sanali kundende ayi. Koma funso lakelo ine ndinalimva pa mjigo kwathu, tsiku limene mayi wina anatsika pa kabaza, jumbo m'manja, atatuluka kundende ya Maula pa chikhululukiro cha pa 6 Julayi. Nkhani zinali zitakoma, zidebe zikudzaza, koma tonse tinangoti zii. Wina ananong'ona, "Si uja uyu?"

Boma linamukhululukira, ife ayi. Anapeza amuna ake atakwatira kutsidya, munda wake abale akulimamo, ndipo kamwana komwe anakasiya kakukwawa kanathawira kumbuyo kwa agogo. Ku banki m'khonde anamuuza kuti malo anatha. Pamaliro ankamutuma kotunga madzi basi. Mbale ya chipepeso sankailola kudutsa m'manja mwake.

Ndiulule changa. Tsiku lina anabwera pakhomo panga kudzapempha ganyu wopalira. Ndinamuyalira mphasa bwinobwino, moni wa mafuta, koma polowa m'nyumba kukatenga madzi ndinanyamula foni yomwe inali pampando. Anaona. Sananene kanthu, anangoweramitsa mutu n'kumakonza mpango. Madziwo anamwa pang'ono n'kutsanzika. Ine yemweyo Lachinayi ndinavala yunifomu ya amayi, n'kukaimba za chisomo mokweza kuposa onse. Ambuye andichitire chifundo!

Pajatu pa Mateyu 25:36 Yesu akudziika pakati pa amene ali m'ndende. Kukawaona ndi sopo ndi shuga pa Khirisimasi timatha, ndipo ndi zabwino. Chovuta ndi pamene Yesu yemweyo watuluka, akukhala nyumba yoyandikana ndi yathu, ndipo akufuna kubwereka khasu.

Onani zimene anachita Bowazi pa Rute 2:15-16. Rute, mpongozi wa Naomi, anali mlendo, Mmowabu, mkazi wamasiye, wokunkha m'munda wa eni. Bowazi, mwini mundawo, sanangomulola kukunkha. Analamula anyamata ake kuti asamuchititse manyazi, ndiponso kuti azimugwetsera dala ngala zina popanda kumukalipira. Mawu oti dala amenewo amandigwira mtima. Anamuthandiza mwa njira yoti mayiyo apite kwawo madzulo akudziwa kuti wadya thukuta lake. Ndipo pofika mutu 4, ndi amayi a m'mudzi momwemo amene akutamanda Mulungu chifukwa cha Naomi, Obedi, mwana wa Rute ndi Bowazi, ali pamiyendo pake.

Tipemphere. Atate, kumbukirani amayi amene adzuka lero m'ndende ku Chichiri, ku Zomba ndi ku Mzuzu, ena ali ndi ana kumsana. Kumbukiraninso amene anatuluka koma akuopabe kufika pa mjigo dzuwa lisanalowe. Mangani malilime athu, masulani manja athu. M'dzina la Yesu, Amen.

Ine ndikamaliza kusesa ndipita kwa mayi uja. Mtedza wanga wafika pokumba, ndipo ndekha sindingathe.