Makalata a omvera: sikiri pa maliro a bambo

Asalamu alaikum, ndi moni nonse amene mwayandikira wailesi madzulo ano. Thumba la sabata ino lafufuma, ndipo pafupifupi kalata iliyonse ikukamba za Asufi, chifukwa cha nkhani yawo ija tidayamba Lachisanu lapitali. Maina sinditchula, mukundidziwa kale. Ena mumalemba za apongozi anu, ndiye mukufuna mawa ndidzaitanidwe kubwalo la mfumu?

Mayi wina wa ku Dedza, Mkhristu, akufunsa ngati Usufi ndi gulu lachitatu pambali pa Asunni ndi Ashia. Ayi mayi. Msufi ndi Msilamu, ndipo ambiri a iwo ndi Asunni. Amaswali kasanu pa tsiku, amasala mwezi wa Ramadani, Qur'an yawo ndi yomweyo.

Tsopano nayi imene yandisowetsa tulo. Yachokera kwa mnyamata wa ku Machinga. Akuti: "Bambo anga adamwalira mwezi watha. Amalume ndi akuluakulu a m'mudzi adafuna kunyamula jeneza, chonyamulira maliro, ndi sikiri, monga zidachitikira pa maliro a agogo. Mkulu wanga, amene adakaphunzira za chipembedzo kunja, adakana, nati imeneyo ndi bida, chinthu choonjezera m'chipembedzo, maliro apite mwakachetechete. Adakangana thupi lili m'nyumba. Lero sapatsana moni, ndipo arubaini, mwambo wa tsiku la makumi anayi, yayandikira. Kodi za Asufizi ndi Chisilamu kapena ayi?"

Inna lillahi wa inna ilaihi rajiun, ndife a Allah ndipo kwa Iye tidzabwerera. Pepani achimwene, pepani kwambiri. Ine si shehe, fatwa, chigamulo cha chipembedzo, musaiyembekeze kwa ine. Koma mbiri yake ndikuuzani.

Kwa osadziwa, sikiri ndi mawu a Chiarabu aja akuti dhikr, kukumbukira Allah, amene lilime lathu lidawapinda. Ndili mwana ku Nkhotakota ndinkaiona: amuna atazungulira, mapewa akukhudzana, "La ilaha illallah" mobwerezabwereza, mpaka mawu kutha n'kutsala mpweya wokha ukutuluka m'zifuwa ngati mvukuto, fumbi lili koboo kumapazi. Ndinkachita mantha, koma sindinkachoka.

Usufi udayamba chonchi. Mtumiki Muhammad, mtendere ukhale pa iye, atamwalira mu 632, dziko la Asilamu lidakula msanga, ndipo chuma chidasefukira. Anthu ena oopa Mulungu, makamaka ku Basra m'dziko la Iraq, adaona kuti mizikiti ikudzaza koma mitima ikuuma. Hasan al-Basri, amene adamwalira mu 728, ankachenjeza za zimenezi. Ena adayamba kuvala nsalu yokhakhala ya ubweya wa nkhosa, pa Chiarabu suf, ndipo akatswiri ambiri amati dzina loti Sufi lidachokera pamenepo. Ku Basra komweko kudali mayi wotchedwa Rabia, adamwalira mu 801, amene ankaphunzitsa kuti Mulungu tizimupembedza chifukwa chomukonda, osati poopa moto kapena pofuna Jannah, paradaiso. Abambo amene mumati za uzimu n'zanu nokha, mwamvatu.

Ndipo sadazitole m'tchire. Amaloza hadisi, nkhani ya zonena ndi zochita za Mtumiki, ija ya mngelo Jibril, imene imatchula zitatu: islam, iman ndi ihsan. Ihsan ndiko kupembedza Allah ngati ukumuona, pakuti ngakhale iwe sumuona, Iye akukuona. Asufi amati ntchito yawo ndi yachitatuyo. Amalozanso Qur'an 13:28, pamene akuti mitima imapeza mpumulo pokumbukira Allah.

Koma mkulu wanu naye sakuyankhula zopanda mutu, amalume amve zimenezo. Mkangano umenewu ndi wakale kuposa mudzi wanu. Mu 922 ku Baghdad adapha al-Hallaj, Msufi amene amakumbukiridwa ndi mawu akuti "Ana al-Haqq", Ine ndine Choonadi, omwe ambiri adawamva ngati kudziyesa Mulungu. Ibn Taymiyya, adamwalira mu 1328, adadzudzula kwambiri kupempha thandizo pa manda a anthu oyera. Mantha a anthu ngati mkulu wanu ndi akuti shehe angakwezedwe mpaka kufika pamene payenera Allah yekha, ndi kuti tingaonjezere m'chipembedzo zimene Mtumiki sadachite. Amenewo si mantha achibwana.

Komabe muone izi. Imam al-Ghazali, mphunzitsi wamkulu wa malamulo ku Baghdad, adasiya mpando wake mu 1095 kukafuna njira ya Asufi, ndipo pambuyo pake adalemba Ihya Ulum al-Din, buku lolumikiza lamulo ndi mtima. Abdul Qadir al-Jilani, adamwalira mu 1166, amene Akadiriya, Asufi ochita sikiri kuno kwathu, adatengera dzina lake, adali mlaliki wa madhihabu a Hanbali, gulu la Asunni losamala lamulo kwambiri. Njira yake idafalikira kugombe la kum'mawa kwa Africa ndi Shehe Uways wa ku Barawa ku Somalia, adamwalira mu 1909, ndipo kudzera ku Zanzibar idafika mpaka kunyanja kwathu kuno. Otsutsa sikiri ya pa maliro adatchedwa Asukuti, kuchokera ku sukut, kukhala chete, ndipo zimenezi zidayamba Atsamunda akadali pano. Ndiye mkulu wanu si woyamba, amalume anunso si omaliza.

Maganizo anga ndi awa, mukafuna muwataye. Onse awiri akuvomereza kuti Allah azikumbukiridwa. Asiyana pa kakwezedwe ka mawu ndi malo ake. Imeneyo ndi nkhani yoti mashehe akhalire pansi ndi mabuku, osati yokokerana jeneza. Ndipo pano ndikalipe pang'ono, chifukwa sabata ino ndalandira makalata anayi otchula Msilamu mnzawo kuti kafiri, wosakhulupirira, awiri mbali iyi, awiri mbali inayo. Abale anga, mawu amenewo ndi olemera, si ofuulira pa WhatsApp. Anyamata ophunzira, sukulu yanu tikuinyadira, koma agogo amene mukuwaseka aja ndiwo adasunga shahada, chivomerezo cha chikhulupiriro cha Chisilamu, m'midzi muno kulibe galimoto kapena maikolofoni. Nanunso akuluakulu, mwana akafunsa umboni musamuyankhe ndi ndodo.

Chimodzi chandibaya, achimwene. Kalata yonseyi, masamba awiri, simudatchulemo mayi anu. Ali pa eda, nthawi yobindikira ya mkazi wamasiye, akulira mwamuna wawo, kwinaku mlongo wawo ndi mwana wawo akulambalalana pakhomo. Pezani shehe amene onse awiri amamulemekeza, awakhazike pamphasa arubaini isanafike. Mudzandilembere kuti zatha bwanji.

Mtsikana wa sekondale ku Zomba akufunsa za anthu ovala zoyera amene amazungulira ngati nguli pa kanema. Amenewo ndi Amevlevi, Asufi a ku Turkey, otsatira Rumi, amene adamwalira ku Konya mu 1273. Musayesere mutangodya nsima.

M'bale wathu wa ku Johannesburg akufuna ndimupezere Msufi womulembera chithumwa cha bizinesi. Achimwene, mwalakwitsa adiresi, ndipo amene angakulonjezeni zimenezo ayamba wadya ma rand anu.

Yomaliza ndi ya agogo ena a ku Salima, akuti ndimatalikitsa nkhani pa kalata imodzi mpaka mabatire awo kutha. Agogo, mlandu ndauvomera. Onani, amene amandiyang'anira nthawi uja akundigwedezera dzanja pagalasi.