Kwa Achemwali ndi Alamu: Mwana Wathu Asavomere Mlandu Mothamanga

Achemwali ndi alamu, ndikukupatsani moni nonse kumudziko, ndipo ndikupempha kuti mumvetsere uthenga uno mpaka kumapeto musanamuimbirenso foni mwana wathu. Ndamva kuti mwamulangiza kuti angovomera mlandu wakuba umene akumuzengawu, poganiza kuti woweruza amumvera chisoni ndipo nkhani itha msanga. Ndikudziwa kuti mwatero chifukwa cha chikondi, koma kuno ku America kuvomera kotereku kukhoza kumutsekera njira moyo wake wonse.

Mlandu umene chilango chake chingapitirire chaka chimodzi m'ndende kuno amautcha felony, ndipo m'boma la Indiana muno kuba katundu wa madola 750 kapena kuposerapo kumawerengedwa m'gulu limeneli. Munthu akapezeka wolakwa, mavuto ake sathera pachipata cha ndende. Lamulo la dziko lonse la mu 1968 limamuletsa kusunga mfuti ngakhale chipolopolo chimodzi. Zakuvota zimasiyana malinga ndi dera, moti ku Maine ndi ku Vermont akaidi amavota ali m'ndende momwemo, koma izi sizikumukhudza mwana wathu popeza sanakhale nzika. Chimene chingamupweteke tsiku ndi tsiku ndi ntchito, chifukwa nyumba zosamalira okalamba ndi odwala, kumene Amalawi ambiri timapezerako chakudya, zimayamba zafufuza mbiri ya munthu zisanamulembe, ndipo mbiri yakuba imagwetsa munthu pomwepo. Eni nyumba za lendi ambiri amafufuzanso chimodzimodzi.

Koma chimene chikundisowetsa tulo ndi mapepala ake. Green card imene ali nayo imamulola kukhala ndi kugwira ntchito kuno, koma boma likhoza kumulanda. Malinga ndi malamulo amene anakhwimitsidwa mu 1996, munthu amene si nzika akagamulidwa chaka chimodzi kapena kuposerapo pa mlandu wakuba, a zolowa ndi kutuluka m'dziko amautenga ngati mlandu waukulu kwambiri, ngakhale woweruza atanena kuti asakalowe m'ndende, akangokhala kunja moyang'aniridwa. Zikatero amathamangitsidwa m'dziko, mwayi wodzakhala nzika umatheratu, ndipo woweruza wa nkhani za mapepala amakhala alibe mpata weniweni woganizira zaka zimene wakhala kuno kapena khalidwe lake labwino. Pachifukwa chimenechi maloya odziwa ntchito amalimbana kuti chigamulo chikhale masiku 364 osati 365. Masiku 364 sachotsa vuto lonse, makamaka ngati mlanduwo unachitika munthu asanathe zaka 5 chilowereni m'dziko, koma kawirikawiri amasiya khomo lodandaulira lili lotsegula.

Mu 2010 khoti lalikulu la dziko lino, pa mlandu wa Padilla ndi boma la Kentucky, linagamula kuti loya ayenera kuchenjeza munthu amene si nzika za chiopsezo chothamangitsidwa asanavomere mlandu. Komabe loya amene boma lamupatsa kwaulere ndi wa mlandu wakubawo basi, ndipo kukhoti la mapepala boma silipereka loya. Ena amuuza kuti avomere, adzapemphe kuti mbiri yake ifufutidwe patapita zaka, monga lamulo la Indiana la mu 2013 limalolera. Zimenezo zimathandiza pofuna ntchito, koma a zolowa ndi kutuluka amawerengabe mlanduwo ngati sunafufutidwe.

Pempho langa ndi lakuti mumuuze ndi pakamwa panu, popeza amamvera inu kuposa ine malume ake, kuti asasaine chilichonse mpaka titapeza loya wa nkhani za mapepala woti agwirizane ndi wa boma uja. Ndalama zake ndikambirana ndi abale a kuno. Musamuitanitsenso kumudzi pakadali pano, ngakhale patagwa zovuta, chifukwa pobwerera akhoza kumugwira pabwalo la ndege. Ndikakumana ndi loyayo ndidzakuimbirani madzulo a kwanuko, ndipo alamu adzakhale pafupi kuti tidzalankhule tonse pamodzi.