Makalata a Omvera: Milalang'amba Yobisika M'fumbi

Kalata yoyamba yachokera kwa aphunzitsi a sayansi ku Dwangwa. Akuti: "Sabata yatha munati kuli milalang'amba yowala kuposa dzuwa ka 1 thililiyoni, koma pa telesikopu wamba imaoneka yozilala. Ana anga a Folomu 3 akukana. Chowala choncho chingabisike bwanji?"

Aphunzitsi, anawo musawakalipire, funso lawo ndi lanzeru. Chimabisa ndi fumbi. Milalang'amba (magulu akuluakulu a nyenyezi) iwiri ikagundana, mpweya ndi fumbi zimaunjikana pakati, nyenyezi zatsopano n'kumabadwa zankhaninkhani. Fumbilo limameza kuwala kwa nyenyezizo, limatentha, kenako limatulutsa mphamvuyo ngati infrared, kuwala kumene maso athu saona. Zili ngati ng'anjo ya njerwa yomata bwino: lawi simuliona, koma mukayandikira masaya amawawuka. Setilaiti ya IRAS, imene inapita mlengalenga mu 1983, ndiyo inaulula milalang'amba imeneyi. Wapafupi kwambiri ndi Arp 220, ndipo kuwala kwake kumayenda zaka pafupifupi 250 miliyoni kuti kufike kuno.

Ina yachokera kwa msodzi wa ku Chia, amene akuti amatimvera pa foni akusoka ukonde: "Nanga ma quasar munkanena aja ndi zomwezi?"

Achimwene, pali ubale waukulu. Quasar ndi phata la mlalang'amba pamene black hole yaikulu (chinthu chokoka mwamphamvu moti ngakhale kuwala sikungathawemo) ikumeza mpweya, ndipo mpweyawo usanamezedwe umatentha n'kuwala kuposa nyenyezi zonse za mlalang'ambawo. Woyamba kudziwika mtunda wake ndi 3C 273, ntchito ya katswiri wa zakuthambo Maarten Schmidt mu 1963. Mu 1988 katswiri wina, David Sanders, ndi anzake anapereka ganizo lakuti milalang'amba ya fumbiyi ndi ma quasar amene adakali ofundidwa. Black hole ikadya mokwanira, mphepo yake imabalalitsa fumbi, quasar n'kuonekera poyera.

Ine ganizoli ndimagwirizana nalo chifukwa cha mlalang'amba wa Markarian 231: fumbi likadalipo, quasar ikuoneka, ndipo mpweya ukuthamangitsidwira kunja mwamphamvu. Palinso mlalang'amba wa W2246-0526, umene setilaiti ya WISE inapeza, wowala kuposa dzuwa ka 300 thililiyoni, ndipo wotenthetsa fumbi kumeneko ndi black hole.

Komabe musaike milalang'amba yonse ya fumbiyi m'gulu limodzi. Ku Arp 220 kuja, gawo lalikulu la kutentha likuoneka kuti likuchokera ku nyenyezi zongobadwa kumene, ndipo akatswiri akutsutsanabe ngati mlalang'amba uliwonse wotere umadzakhala quasar.